Kabati wa Fiifi pa Maliro a ku Shama

Lachisanu masana, oimba a bandi ya Anti Mansa atasonkhana m'galaja ya ku Effiakuma kuti ayeserere nyimbo za mawa lake, Anti Mansa analowa atasenza katoni, pambuyo pawo pakubwera mayi wina wamtali wovala jinzi.

"Uyu ndi Baaba," anatero akutula katoniyo pa benchi. "Wagwira zokuzira mawu ku Accra zaka zisanu ndi ziwiri. Kuyambira mawa, mawu athu ali m'manja mwake. Izi watumiza ndi mwana wanga wa ku Hamburg uja."

M'katonimo munali timasipika toika m'makutu, ting'onoting'ono ngati nyemba ziwiri pa kachingwe, ndi timabokosi topachika pa lamba. Aliyense take. Baaba sanachulukitse mawu. Anati pa siteji sipadzakhalanso sipika ngakhale imodzi. Chida chilichonse chizilowa mu mikisa yake, ndipo aliyense azimva m'makutu mwake zimene akufuna, mokweza mmene akufunira.

Oimba malipenga awiri anali atayamba kale kulandana timabokosito. Fiifi Bentsil, woimba gitala ya bezi, sanasunthe. Anali atatsamira sipika yake.

Sipikayo inali chibokosi chakuda chofika pachifuwa pa munthu, cholemera moti anthu awiri ankachikweza m'lole akutukwana. Anzake anachipatsa dzina loti Kabati.

"Kabati nayenso atsale?" anafunsa Fiifi.

"Makamaka Kabatiyo," anayankha Anti Mansa. "Zaka ziwiri tsopano ndikukuwa ngati wogulitsa nsomba kuti ndidzimve ndekha. Ndikafika kunyumba mawu atasasa, adzukulu amathamangira kukandigulira mankhwala a chimfine."

"Anti, bezi siimvekera m'khutu. Imamvekera m'mimba."

"Ndiye uzidya kaye usanakwere pa siteji."

Onse anafa nacho chiseko. A Kwamena, amene anali kuseri kwa ng'oma, anayang'ana nkhope za anzawo, kenako nawonso anaseka, mochedwa pang'ono. Fiifi yekha ndi amene anaona kuchedwako.

A Kwamena Otoo anali alamu ake, amuna a mchemwali wake wamkulu, Ekua. Ndi iwo amene anamuchotsa Fiifi pa doko la Takoradi, pomwe ankasenza matumba a koko, namuphunzitsa kuti bezi ndi ng'oma ya phazi ziziponda pamodzi ngati miyendo ya munthu mmodzi. Anaimba limodzi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndiye tsiku lina ku ukwati ku Elmina, malo atachepa, Kabati anaikidwa kumapeto kwa siteji, kutali ndi ng'oma. Tsikulo a Kwamena ankati akathamanga, achedwa, akachedwa, athamanga. Fiifi anayesa kuti alawa mowa, koma atawayandikira sanamve fungo lililonse. Sabata yotsatira anawaitana ataima kumanzere kwawo, kawiri, katatu, koma iwo ankangomanga mbale ya ng'oma. Atazungulira kumanja, a Kwamena anatembenuka nthawi yomweyo. Kunyumba kwa mchemwali wake wailesi inkalira mpaka makapu kugwedera pa shelefu.

Kuyambira pamenepo Fiifi ankagumikiza Kabati ku mpando wa a Kwamena, pa thabwa limodzi, n'kukweza mawu. Bezi inkayenda m'thabwalo n'kukwera m'miyendo ya mpando, ndipo a Kwamena anabwerera mwakale, osaphonya ngakhale kamodzi. Awiriwo sanakambiranepo za nkhaniyi. Ekua ndi amene anamukokera Fiifi kukhitchini tsiku lina n'kumuuza kuti, "Usayerekeze kuwaonetsa kuti ukudziwa. Akadziwa asiya ng'oma, ndipo akasiya ng'oma ndiwaika m'manda chaka chomwecho."

Baaba atangoti ayambe kulumikiza mawaya kuti ayese zida zatsopanozo, magetsi anathima. Anadikira mpaka dzuwa kupendeka, osayaka. Anti Mansa anati basi, akayesera konko ku Shama.

Loweruka m'mawa lole inanyamuka ndi ng'oma, mikisa ndi masipika akuluakulu oyang'ana kwa anthu. Kabati anatsala m'galaja. Fiifi anauza anzake kuti awapeza, ali ndi pena pofika. Anatseka galaja, n'kuyenda mpaka pa msewu, n'kubwereranso. Anatsegula, n'kumuyang'ana Kabati, n'kutsekanso. Anaimbira foni Ekua koma inangoitana. Anali yakaliyakali pakhomopo mpaka mayi wogulitsa phala kutsidya anamufunsa ngati wataya makiyi. Pomaliza anaimitsa njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula katundu, iye ndi woyendetsa anamukankhira Kabati m'mwamba, ndipo Fiifi anakhala kumbuyo atamukumbatira, gitala ili kumsana, fumbi la malole likumulowa m'mano njira yonse.

Maliro anali a mayi wina mwini mabwato, amene anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi anayi, choncho bwalo la sukulu linali mbuu ndi nsalu zoyera za maluwa akuda, poti kumeneko munthu wokalamba amamulira atavala zoyera. Matenti anazungulira mbali zitatu, mbali yachinayi kuli siteji ya matabwa. Baaba anali pa siteji akumata mawaya ndi tepi pamene njinga ija inaima. Anadzuka, manja m'chiuno.

"Achimwene, chimenecho chikupita kuti?"

"Pamalo pake."

"Malo ake ndi m'galaja. Mukachiyatsa pano chilowa m'maiki onse, ine kumikisa ndizingomva chimkokomo. Bezi yanu ilowa mu kabokosi aka, ndiitulutsa kwa anthu bwinobwino. Mudzandithokoza."

"Ndichepetsa mawu."

"Oimba bezi onse amatero. Nyimbo yachitatu ikamafika, dzanja lili kale pa batani."

"Achemwali, inu mwabwera dzulo. Ine ndaimba ndi Kabatiyu musanadziwe kuti waya ndi chiyani."

"Ndiye n'chifukwa chake Anti mawu awathera."

Anti Mansa anatulukira kuseri kwa tenti akumanga duku. Sanakweze mawu, poti anamfedwa anali pafupi. "Fiifi, ndakupirira mokwanira. Sankha. Ukwera pa siteji iwe kapena akwera Kabati. Akakwera iyeyo aziimba yekha."

Fiifi anayang'ana kwa a Kwamena. Iwo anali atawerama akukunga ng'oma, osadziwa n'komwe kuti pali mkangano. Fiifi anawerama n'kugwira chibokosicho. Anamugubuduza Kabati mpaka pansi pa mtengo wa kuseri kwa siteji, ndipo asanatembenuke n'komwe, amayi ogawa madzi anali atasanjikapo kale beseni lawo.

Baaba anamupachika kabokosi pa lamba, n'kumuonetsa mokulungira kachingwe kuseri kwa khutu. Fiifi atalowetsa timasipika tija, phokoso lonse la pabwalo linati zii, ngati wamira m'madzi. Anakhudza nsambo yaikulu. Liwu linabwera loyera, lonenepa, pakatikati pa mutu wake. Anamva chala chake chikutsetsereka pa nsambo. Anamva kuti nsambo yachitatu imalira kachiphokoso kena kamene sanakamvepo chigulireni gitalayo. Anaimba kamzere kamodzi, kenako kena, ndipo anapezeka akumwetulira. Atazindikira, manyazi anamugwira ngati wadya chakudya cha wodwala.

Anacheuka. A Kwamena anali atavala tawo, akuloza chala m'mwamba kwa Baaba, amene tsopano anali pa tebulo lake pakati pa bwalo. Baaba anakankha kabatani. Chala m'mwamba. Anakankhanso. Chala m'mwambabe. Baaba anaima kaye, n'kuwayang'anitsitsa, n'kukankha pang'ono. A Kwamena anagwedeza mutu ngati zakwana, koma Fiifi ankaidziwa nkhope imeneyo.

Nyimbo ziwiri zoyamba zinali za tchalitchi, zoyenda pang'onopang'ono. A Kwamena maso awo anali pa dzanja lamanja la Fiifi, ndipo Fiifi ankakweza dzanjalo mokokomeza kuti lizioneka. Zinayenda. Thukuta linkatsika mumsana mwake ngakhale kuti nyimbozo ankatha kuziimba ali m'tulo.

Kenako wolengeza anaitana ana ndi adzukulu a malemu kuti alowe m'bwalo avinire mayi wawo. Anti Mansa anakweza dzanja, bandi inalowa mu hailaifu, nyimbo yovina yothamanga. Anthu anakhamukira pakati, mipango yoyera ikuuluka m'mwamba. Oimba malipenga aja, poona kuti lero palibe sipika yowatsekereza ndipo akudzimva kulikonse kumene aima, anayamba kuvina akuyendayenda pa siteji. Anabwerera m'mbuyo mogwirizana, n'kudzaima pakati penipeni pa Fiifi ndi ng'oma.

Sizinatenge nthawi. Ng'oma ya phazi inayamba kutsogola, pang'ono pokha, kenako kwambiri. Kale Fiifi akanangozimva m'thupi, koma lero zinali m'makutu mwake mwenimweni, zoyera ngati mbale yotsuka. Anayesa kuithamangira, wa kiyibodi anatsalira. Anti Mansa anameza mawu awiri kuti apeze polowera. M'bwalo miyendo ya anthu inayamba kusokonekera. Gogo wina wonenepa, mwana woyamba wa malemu, anasiya kuvina, n'kugwira m'chiuno, n'kuyang'ana ku siteji.

Fiifi anakankha wa lipenga ndi phewa, n'kudutsa. Waya wa gitala unangokwanira. Anakaima kutsogolo kwa ng'oma, atafulatira anthu onse, n'kuyamba kuponda thabwa ndi chidendene, di, di, di, mutu ukugwedezeka limodzi. A Kwamena anadzutsa maso. Anali otuwa, milomo ili gwa. Anayang'ana phazi la Fiifi, anayang'ana dzanja, ndipo pang'onopang'ono ng'oma inabwerera m'malo mwake. Fiifi sanachokepo. Anaponda thabwalo nyimbo zinayi zotsatizana mpaka chidendene kuchita dzanzi.

Itakwana nthawi yoti akubanja alankhule, bandi inatsika kukadya. Anti Mansa anamupeza Fiifi asanatsegule n'komwe kenke wake, nsima yokulunga m'masamba yodyera nsomba.

"Kufulatira anamfedwa! Iwe unaleredwa kuti? N'kumapondaponda ngati ukupha linthumbu. Ukufuna anthu anene kuti popanda Kabati bandi siyenda, eti? Wasokoneza dala, mpaka wawasokoneza ndi alamu ako omwe."

"Pepani, Anti."

"Pepani wakoyo ndikaphike? Sabata yamawa tikambirana. Oimba bezi ku Sekondi ali mbwee."

Anachoka duku likugwedera. Fiifi anakhala pa njerwa, n'kudzuka, n'kukhalanso. Nsomba anangoitembenuza, osaidya. Kenako anamva wina akumukoka malaya. Anali Baaba.

"Achimwene, tabwerani muone china chake."

Anamutengera ku tebulo la mikisa. "Aka ndi ka m'makutu mwanu. Aka ka Anti. Aka ndi ka a ng'oma." Timabatani tina tonse tinali chapakati. Ka a Kwamena kanali kumapeto kwenikweni. "Ndinayesa kumvera zimene ndikuwatumizira, ndinachita kulumpha. Iwo akuti ndiwonjezere. Anayamba liti?"

"Kuyamba chiyani?"

"Musandipusitse. Bambo anga anagwira ntchito ku chigayo zaka makumi atatu. Ndimadziwa mmene munthu amasekera nthabwala imene sanaimve."

Fiifi anayang'ana uku ndi uku. Kuzokuzira mawu mdzukulu wina ankawerenga mbiri ya malemu akusisima.

"Zaka ziwiri," anatero motsitsa. "Lakumanzere linapita. Lakumanja latsala pang'ono, koma mkati mwa ng'oma silithandiza. Amandimvera m'thabwa."

"Ndiye bwanji simunandiuze m'mawa uja, m'malo mondiuza za mawaya?"

"Si khutu langa."

Baaba anagogoda tebulo ndi chikhadabo. "Ine sindikweza kuposa apa. Ndipotu nditsitsa. Ndikapitiriza ndiwaphera ndi lotsalalo. Koma Kabati ataima pa siteji, akukuwa, ayi. Anti akunena zoona, mawu awo akutha." Anayang'ana ku mtengo kuja. "Chibokosi chanucho mukachigoneka cham'mbali chimatalika bwanji?"

Fiifi anaonetsa ndi dzanja, chapabondo.

"Mpando wa ng'oma ndi womwewo. Tichigoneke kuseri kwa ng'oma, chiyang'ane kumbuyo. Ndichotsa mawu onse opyapyala, nditsitsa mpaka anthu osachimva, chizingonjenjemera. Akhale pamwamba pake."

"Akhalire Kabati?"

"Akhalire. Koma kukawauza ndiye mukawauze ndinu. Alamu ndi anu."

Fiifi anazungulira matenti onse kawiri asanawapeze. Anali kuseri kwa makalasi, atakhala okha pa khonde, timitengo ta ng'oma tili pamiyendo, timasipika tija tikulendewera pachifuwa. Anali akusisita khutu lamanja ndi chikhato. Fiifi anadutsa kutsogolo kwawo n'kukakhala kumanja.

"Alamu, simunadye."

"Tinthu iti tikundilizira mluzu m'mutu. Za azungu izi."

"Ee, n'tovuta." Fiifi analoza kusiteji. "Ndaona mpando wanu uja ukugwedera mwendo. Baaba akuti bwanji mukhalire Kabati, tingomugoneka."

"Mpando wanga uli bwino. Ndaumanga ndekha m'mawa."

"Komabe, poti matabwa a sitejiyi..."

A Kwamena anatembenuka thupi lonse n'kumuyang'ana. Anamuyang'ana nthawi yaitali, mpaka Fiifi anayamba kutola timiyala pansi.

"Mlamu, malo onsewa pa khonde pano, bwanji wadutsa kutsogolo kwanga kudzakhala mbali ino?"

Fiifi anaponya kamwala patali.

"Ndipo Kabati wako uja, chiyambire ku Elmina, bwanji amangokhalira kundigunda m'nthiti? Ine ndimati ndi matama a oimba bezi."

"Alamu..."

"Ekua akudziwa?"

"Akudziwa."

"Mtsikana wa mikisayu?"

"Wazindikira yekha lero. Ine sindinanene."

A Kwamena anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano. "Ndiye amene amayesa kuti pali chinsinsi ndinali ine ndekha. Ndimadzuka m'mawa, n'kumayesetsa kuwerenga milomo ya mkazi wanga kuti asadziwe, pomwe iye akundimvera chisoni. Anthu n'kumati mkulu uja dzanja lake silikalamba. Osadziwa kuti pali wina akundikoka pa chingwe ngati mbuzi."

"Ine timitengo tanu sindinatigwirepo, alamu. Woimba ndinu. Ine ndimangokuuzani pomwe ndili."

"Ukanandiuza ndi pakamwa."

"Ndinkaopa kuti musiya."

"Kusiya kapena kusasiya, zimenezo zinali zanga. Iwe ndi mchemwali wako munandisankhira."

Kubwalo wolengeza anayamba kuitana bandi. A Kwamena anadzuka, n'kuchotsa kabokosi pa lamba, n'kumuponyera Fiifi pamiyendo.

"Anthu awa abwera kudzaika mayi wawo. Kagoneke chinthu chakocho."

Fiifi ndi wa kiyibodi anatsitsa beseni la madzi, amayi aja akudandaula, n'kumukweza Kabati chakumbuyo kwa siteji. Baaba analumikiza mawaya mwachangu. Anti Mansa pokwera masitepe anaona chibokosicho, anatsegula pakamwa, koma Baaba anali atathamangira kale kumikisa, ndipo analankhula pa maiki yake yomvekera m'makutu mwa oimba okha.

"Anti, musadandaule. Lero wasanduka mpando, sayankhula. Mukamumva mundichotse ntchito."

A Kwamena anakhala pamwamba pa Kabati, n'kusuntha ng'oma ya phazi pang'ono, n'kuyesa kutalika kwa mikono. Fiifi anakhudza nsambo yaikulu kamodzi. Anaona mapewa a alamu ake akudzidzimuka, kenako akutsika. A Kwamena sanamuyang'ane. Anangomenyanitsa timitengo kanayi.

Chigawo chachiwiricho anthu a ku Shama anachikamba kwa masiku. Ng'oma ndi bezi zinaponda pamodzi, Anti Mansa anaimba osakuwa, mawu awo akutuluka ofewa mmene Fiifi anali atawaiwalira. Gogo wonenepa uja anavina mpaka nsalu kumasuka, adzukulu akumupepesera ndi mipango. Oimba malipenga ankadutsadutsa mmene afunira, palibe chimene chinasokonekera. Koma Fiifi mtima sunakhale pansi. Nthawi ndi nthawi ankacheukira kumbuyo, monga ankachitira zaka zonsezo pofika pokhota nyimbo, kuti akumane maso ndi alamu ake. A Kwamena ankayang'ana pamwamba pa mitu ya anthu, kunyanja.

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa, akubanja anatseka mwambo. Oimba ali mkati mokulunga mawaya, a Kwamena anatsika pa Kabati n'kupita pomwe Anti Mansa anakhala akuvula nsapato. Analankhula mokweza, moti aliyense anaima.

"Mayi, musamukalipire Fiifi. Wosokoneza uja ndinali ine. Makutu anga anatha. Ili silimva chilichonse, ili likutsatira. Chibokosi chija amachikwezera ine."

Wa lipenga wina anagwetsa chotsekera cha lipenga lake, chinagubuduka pa matabwa, palibe anachitola. Anti Mansa anakhala nsapato imodzi ili m'manja.

"Kuyambira liti?"

"Akuti zaka ziwiri. Iwowo ndi amene amawerenga."

Anti Mansa anatembenukira kwa Fiifi. "Ndiye iwe unaona kuti khutu la alamu ako ndi lofunika, koma kholingo langa ndi la galu? Ndamwa uchi ndi jinja mabotolo angati ine? Ndinafika poganiza kuti ndakalamba, ndisiye kuimba." Anaika nsapato pansi. "A Kwamena, ine ndi inu tinayamba limodzi tikuimba m'mabala a ku doko. Mukanabwera kwa ine."

"Ndabwera lero."

"Mwabwera mochedwa." Anapuma mozama. "Maliro amene tinalonjeza kale muimba, mutakhalira chinthu chanucho. Koma mupite kuchipatala akakuoneni. Ndipo ndiyamba kufunafuna wina woti muzisinthana naye. Musandiyang'ane choncho, sindinati ndakuchotsani."

A Kwamena anagwedeza mutu. Kaya anamva zonse, Fiifi sanadziwe. Pobwerera a Kwamena anakwera kutsogolo kwa lole, pomwe sankakonda kukhala, ndipo Fiifi anakhala kumbuyo pakati pa katundu.

Masabata atatu anadutsa a Kwamena osamulankhula. Anaimba maliro ku Kojokrom ndi ku Apowa, zonse zinayenda bwino, koma akamaliza ankalongedza ng'oma zawo n'kumapita. Fiifi anasintha nsambo yachitatu ija, anazolowera timasipika ta m'makutu mpaka kuyamba kukangana ndi Baaba kuti amuwonjezere kiyibodi pang'ono. Kawiri anafika pa geti ya mchemwali wake, n'kumva wailesi ili chete, n'kubwerera osagogoda. Ekua naye sankayankha foni. Anangotumiza uthenga umodzi woti m'nyumba simukulankhulidwa.

Lamlungu lina masana foni inalira. Anali Ekua.

"Avomera kupita kuchipatala ku Cape Coast. Lachiwiri."

"Zikomo Ambuye. Mupita nawo?"

"Ine akana. Akuti ndikawayankhira mafunso onse adokotala asanamalize kufunsa. Akuti upite iweyo, chifukwa pamzere paja akaitana dzina sadzamva."

"Anena okha kuti ine?"

"Anena kuti 'uja wa bezi'. Koma akuti usakawalankhule."

Lachiwiri m'mawa Fiifi anafika pa siteshoni ola lathunthu nthawi isanakwane. Anagula madzi, anagula mtedza, anazungulira mabasi onse. A Kwamena anafika atavala malaya oyera owongola bwino, ngati akupita ku khoti. Sanapereke moni. Analowa m'basi, n'kusankha mpando wa kuwindo la kumanja, kotero kuti Fiifi pokhala pambali pawo anapezeka ali ku khutu lakufa lija. Anamvetsa. Anakhala momwemo, mawondo akugundana ndi mpando wakutsogolo.

Anadutsa mphambano ya ku Shama, anawoloka mtsinje wa Pra. Fiifi anatsegula mtedza, n'kutseka, n'kuyang'ana foni, n'kuibweza m'thumba. Pa mphambano ya ku Komenda basi inaima kuti mayi wina atsike ndi madengu ake. A Kwamena anamugunda Fiifi ndi chigongono.

"Dzuka. Dzuwa likundiotcha kuno."

Kuwindoko kunalibe dzuwa. Fiifi anadzuka, anapanikizana mpaka kusinthana malo, kondakitala akuwakalipira kuti akuchedwetsa anthu. Basi itanyamuka a Kwamena anayang'ana kutsogolo. Kenako anapendeketsa mutu pang'ono, khutu lamanja lili kwa Fiifi.

"Ku Apowa kuja," anatero, "nyimbo yomaliza unathamanga."

"Ine? Munathamanga ndinu, alamu."

"Ndinakhalira bezi yako, ndikudziwa chimene ndikunena. Patse mtedzawo."